Zinthu 13 zodabwitsa za mapaipi odontha zoti mudziwe musanagwire bobojani

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, ndalama n'kuyamba kulowa, mashopu a zipangizo zomangira pa boma la Kasungu sapuma. Wina wakweza thanki pa ngolo, wina wamangirira mapaipi pa njinga akulowera ku Chamama kapena ku Santhe, winanso wagula sinki ndi chimbudzi chogejemula kuti alendo a pa Khirisimasi adzaone kuti chaka chino fodya anayenda bwino. Ambiri ntchito yolumikiza amaigwira okha, kapena amaitana mphwawo amene anathandizirako pulambala ku Lilongwe. Ine zimenezi ndimaziyamikira. Pulambala wa pepala la TEVETA sapezeka mudzi uliwonse, ndipo munthu amene amalumikiza mapaipi a moto m'balani ya fodya wa kampopi, utsi osathawira ku masamba, si mlendo pa ntchito yolumikiza. Chondidandaulitsa n'chakuti ndalama zimathera pa zooneka ndi maso, pamene nyumba imaonongedwa ndi tinthu tating'ono totsika mtengo tobisika m'khoma ndi m'nthaka.

1. Dontho limodzi pa sekondi ndi ndowa yathunthu pa tsiku

Tsiku lili ndi masekondi 86,400. Madontho pafupifupi 4,000 a pampopi amadzaza lita imodzi. Mukawerengera, mpopi wongoti tho, tho, tho kamodzi pa sekondi umataya malita opitirira 20 pa tsiku, ndipo pa chaka amayandikira 8,000. Mayi amene amasenza ndowa kuchokera ku mjigo sangalole kukhuthula ndowa imodzi pansi tsiku lililonse, koma pampopi timazilola chifukwa madziwo sitinawasenze pamutu. Nthawi zambiri cholakwika ndi kawasha ka mphira kamene katha, ndipo kusintha kwake sikutenga mphindi khumi. Kumangitsa mpopi ndi mphamvu kumangokaphwanyiratu kawashako.

2. Mita ya madzi ndiye mboni yanu, ndipo kudontha kumakula usiku

Madzi a m'tauni ya Kasungu amachokera ku damu la Chitete, ndipo amawagawa ndi a Central Region Water Board, limodzi mwa mabungwe asanu a madzi m'dziko muno amene amayendera lamulo la Waterworks Act la 1995. Paipi yochokera ku msewu kufika pa mita ndi yawo, musaigwire. Kuchokera pa mita kulowa m'nyumba zonse ndi zanu, kuphatikizapo madzi amene akulowerera m'nthaka inu osawaona.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tsekani mipopi yonse ndi vavu yolowera m'thanki, lembani manambala a pa mita, muuze ana asagejemule, mudzaonenso pakatha ola limodzi kapena awiri. Manambala akuda amawerenga makiyubiki mita, iliyonse malita 1,000, pamene ofiira amawerenga tizigawo tating'ono, ndiye yang'anitsitsani ofiirawo. Akasuntha, pena pake pakudontha. Usiku ndiye nthawi yabwino yoyesera, chifukwa anthu akagona pulesha imakwera m'mapaipi a tauni yonse, ndipo kabowo kamene masana kamangonyowetsa dothi, usiku kamatumphutsa madzi. Vutoli si la m'makomo mokha ayi: mabungwe a madzi m'Malawi muno amataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi amene ayeretsa, kudzera m'mapaipi ophulika, kuba ndi mamita olakwika, ndipo ku Blantyre zakhala zikufika cha m'ma theka.

3. Chimbudzi chatsopano cha batani chimatha kutaya madzi kuposa chakale cha tcheni

Apa ambiri amakana mpaka ataona bilu. Zimbudzi zambiri zakale, za tcheni kapena za chogwirira cha m'mbali, zimagwira ntchito ndi sayifoni: madzi amayenera kukwera kaye asanatsikire m'mbale, choncho pansi pa kathanki palibe chibowo choti angadontherepo. Za batani zili ndi chibowo pansi, chotsekedwa ndi mphira. Kamchenga kamodzi kakakhala pamphirapo, madzi amayamba kutsetsereka kumbuyo kwa mbale mwakachetechete, usana ndi usiku. Ndipo mchenga kwathu kuno susowa, makamaka madzi akabwerera atasiya.

Ku Britain, kumene tinatengera kamangidwe ka zimbudzizi, lamulo linkakakamiza sayifoni mpaka mu 2001. Atalola za mphira, akatswiri a zamadzi kumeneko akhala akudandaula kuti chimbudzi chimodzi chodontha chimataya malita 200 mpaka 400 pa tsiku. Kuti muchigwire, pukutani kumbuyo kwa mbale kuume, mumatepo pepala la m'chimbudzi musanagone. Likapezeka lonyowa m'mawa palibe amene wagejemula, tsegulani kathanki, tsukani mphirayo kapena muisinthe. Sindikuti musagule cha batani. Ndikuti pogula mufunse ngati mphira yake yapadera imapezeka pa Kasungu pomwepo.

4. Paipi ya hafu inchi si ya hafu inchi

Mukaiyeza kunja paipi yachitsulo imene timaitcha hafu inchi, mupeza mamilimita 21 ndi kanthu, pamene hafu inchi yeniyeni ndi mamilimita 12.7. Ya pulasitiki yoyenderana nayo imalembedwa 20. Mazinga akenso ali mitundu iwiri. Athu ndi a ku Britain, ochokera ku muyezo umene Joseph Whitworth anakhazikitsa mu 1841, opendekera madigiri 55, pamene a ku America ndi a madigiri 60. Amalowana kawiri kapena katatu, munthu n'kuganiza kuti zatheka, koma sadzagwirana bwino mpaka kalekale. Katundu wa m'mashopu mwathu amachokera ku South Africa, Tanzania, China, India ndi Dubai mosakanikirana. Popita kukagula, nyamulani chidutswa chakalecho m'thumba mukayesere pa kauntala. Kuchoka ku Chulu kubwerera ku boma chifukwa cha soketi imodzi yolakwika ndi tsiku lathunthu ndi ndalama ya thiransipoti.

5. Pulasitiki ya thread tape anaitulukira mwangozi, ndipo tepiyi si mankhwala a paliponse

Pulasitiki yoyera yoterera imene amapangira tepiyi anaitulukira mwangozi Roy Plunkett wa kampani ya DuPont mu 1938, akufufuza mpweya wa m'mafiriji. Tepiyi imagwira ntchito pa mazinga pokha, ndipo imakulungidwa motsatira kumene chomangiracho chizungulire, apo ayi imavundukuka mukamamanga. Pamene pali washa kapena kamphira kozungulira, monga pa timapaipi tofewa ta pansi pa sinki, tepi siifunika, imangolepheretsa washa kukhala bwino. Choopsa kwambiri ndi kumangitsa. Nipo yachitsulo ikalowetsedwa mwamphamvu m'soketi ya pulasitiki yodzaza tepi, soketiyo imang'aluka kamng'alu kosaoneka, n'kudzayamba kudontha patapita milungu, matailosi atamatidwa kale. Mangani ndi dzanja mpaka lilephere, muonjezere kamodzi kapena kawiri ndi sipanala, basi.

6. Guluu wa PVC samata, amasungunula

Chimene timachitcha guluu chija chimafewetsa khungu la paipi ndi la soketi kuti ziwirizo zisanduke chinthu chimodzi. N'chifukwa chake sagwira pa paipi yakuda ya HDPE kapena yobiriwira ya PPR, ngakhale muthire chitini chonse. Yakuda imafuna zolumikizira zake zomanga ndi dzanja zokhala ndi kamphira m'kati, yobiriwira imafuna makina owotchera ofika madigiri 260. Pa PVC, dulani mowongoka, palani m'mphepete, pukutani fumbi ndi madzi, pakani mbali zonse ziwiri, lowetsani mpaka kumapeto mukupotoza pang'ono, gwirani theka la mphindi. Kenako dikirani. Madzi a pulesha muwatsegule mawa lake, ngakhale a m'nyumba akukufunsani kuti tisamba liti.

Soketi ikasowa, chizolowezi chathu ndi kuwotcha nsonga ya paipi pamoto wa mapesi kuti ifutukuke, ina ilowemo. Pamalo powotchapo paipi imapyapyala ndi kuuma, ndipo ndi pomwe imadzayambira kung'aluka. Utsi wakenso ndi woipa m'chifuwa. Luso lofewetsa PVC pamoto lili ndi malo ake, ndipo amene analitchukitsa pa dziko lonse ndi mwana wa Kasungu yemweyu. William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, atasiya sukulu chifukwa cha fizi m'nyengo ya njala ya 2001 ndi 2002, anadula mapaipi a PVC, kuwafewetsa pamoto ndi kuwaphwatalalitsa kukhala mapiko a makina ake amphepo opangira magetsi, ali ndi zaka 14. Koma mapiko aja sankanyamula madzi a pulesha. Paipi yopita ku bafa igulireni soketi.

Dzuwanso ndi mdani wa PVC. Yosiyidwa pamtetete imauma n'kumathyoka, ndiye ikwirireni kapena ipakeni penti. Madzi otentha a giza musawadutsitsemo n'komwe.

7. Thanki yaikulu sionjezera pulesha

Kasungu ndi chigwa chathyathyathya. Ku Mulanje ndi ku Zomba madzi amatsika okha kuchokera m'phiri, monga zinayambira ku Chingale mu 1968 pamene anthu a m'midzi anakumba okha ngalande za mapaipi. Kuno phiri lake ndi nsanja ya thanki yanu. Mphamvu ya madzi imadalira kutalika kwa pamene ali, osati kuchuluka kwake: mamita 10 aliwonse amapereka pulesha ya ba imodzi. Thanki ya malita 5,000 ndi ya malita 500 zikakhala pamsinkhu wofanana, shawa imatulutsa chimodzimodzi. Ngati nsanja ndi ya mamita atatu ndipo shawa ili pa mamita awiri, chotsala n'chochepa kwambiri, ndipo mipopi yamakono yosakaniza madzi otentha ndi ozizira, yopangidwira pulesha yaikulu, imangochucha ngati yatsekeka. Chothandiza ndi kutuluka m'thanki ndi paipi yotakata, ya 32 kapena 25, kuchepetsa maelibo, n'kudzachepetsa paipi pafupi ndi mpopi.

Za kulemera ndiye anthu saziganizira. Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, choncho thanki ya malita 5,000 yodzaza ikufanana ndi matumba 100 a feteleza ataunjikidwa pamwamba pa mutu wa ana amene akusewera pansi pake. Nsanja ya mapolo a bulugamu kapena ya tizitsulo topyapyala towotcherera mothamanga si ya katundu wotere. Pansi pa thanki pakhalenso posalala paliponse, chifukwa ikakhala pa timitengo totalikirana imapindika n'kung'aluka pamene patulukira paipi. Musaiwale vavu yoletsa madzi kubwerera, apo ayi madzi akasiya thanki yanu imatha kukhuthukira m'paipi ya mumsewu.

8. Paipi yodontha imayamwanso

Madzi akasiya, paipi imatsala yopanda mphamvu, ndipo nthawi zina imakoka. Kabowo kamene kanali kutulutsa madzi kamasanduka khomo lolowera zithaphwi za pamalopo. Ngati paipiyo yadutsa m'ngalande, pafupi ndi khola kapena ndi dzenje la chimbudzi, madzi oyamba kutuluka akabwerera ndi amenewo. Malegeni amene timakulunga pa paipi yophulika amachepetsa kutumphuka kwa madzi, koma saletsa zoipa kulowa. Ndi thandizo la usiku umodzi, osati la chaka. Tonse tikukumbukira kolera amene anayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Matenda otere amayenda m'madzi oipitsidwa, ndipo madzi a pampopi timawakhulupirira osawiritsa. Paipi ya madzi akumwa isagone ngalande imodzi ndi ya zoipa, ndipo dzenje la zoipa litalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30.

Madzi akabwereranso amabwera ndi mpweya patsogolo. Mpweyawo umatha kuzungulitsa mita, ndipo kugunda kwake kumagwedeza molumikizira monse. Madzi akasiya tsekani mipopi, akabwera tsegulani pang'onopang'ono. Nyumba zambiri zasefukira pakati pa usiku chifukwa cha mpopi umene wina anautsegula masana, n'kuusiya poona kuti sukutuluka kanthu.

9. Zitsulo ziwiri zosiyana zimadyana

Mukalumikiza kopa mwachindunji ku paipi yachitsulo ya galata, pamakhala kamphamvu ka magetsi kochepa kamene kamadya chitsulocho pamazinga pomwepo. Madzi a m'zitsime zina za m'zigwa za chigawo chapakati amafulumizitsa dzimbiri, ndipo paipi imatsekeka m'kati kunja ikuoneka yabwinobwino. Madzi akayamba kutuluka ofiirira m'mawa, pulesha n'kumachepa chaka ndi chaka, vuto si mpopi. Pakati pa zitsulo zosiyana ikani cholumikizira cha pulasitiki.

10. Mjigo umadonthera pansi, ndipo kholo lake ndi la konkuno

Pampu ya Afridev imene ili pa mijigo yambiri kuyambira ku Nkhamenya mpaka ku Mtunthama inachokera ku pampu yotchedwa Maldev, imene inakonzedwa m'Malawi muno kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, pa ntchito za madzi monga ya ku Livulezi m'boma la Ntcheu, kenako n'kukakonzedwanso ku Kenya. Cholinga chinali choti anthu a m'mudzi azitha kuikonza okha ndi sipanala imodzi, osadikira galimoto yochokera ku boma. Mapaipi ake ndi a PVC pothawa dzimbiri lija, ndipo imakoka madzi mpaka mamita 45.

Kudontha kwa mjigo sikuoneka ndi maso. Chizindikiro chake ndi chakuti woyamba kujiga m'mawa amapopa nthawi yaitali madzi asanatuluke, chifukwa usiku onse abwerera pansi kudzera pa vavu ya kunsi kapena pa mng'alu wa paipi. Kawirikawiri cholakwa ndi timphira tating'ono timene timayenera kusinthidwa chaka ndi chaka. Komiti ya mjigo ikazengereza, ndodo zimayamba kukhula paipi m'kati mpaka kuiboola, ndipo apo mudzi umafunika kusonkha ndalama zambiri pamene kale zikanakwana zochepa.

11. Mizu siithyola paipi yabwino, imatsata yodontha

Bulugamu amene anadzalidwa m'maesiteti kuti apereke nkhuni zowotchera fodya ndi mapolo a zigafa amanamiziridwa zambiri. Muzu sudziwa kuti m'paipi muli madzi pokhapokha chinyezi chikutuluka. Ukapeza polumikizira pothothoka umalowa ngati ulusi, n'kukula m'katimo mpaka kutseka paipi ya zoipa. Chiswenso chimatsata chinyezi chomwecho, n'kukwera m'khoma kukafika ku mitengo ya denga.

Nthaka nayo imayenda. Makande a m'madambo amafufuma m'dzinja n'kung'aluka mu Okutobala, ndipo paipi yolimba imathyokera polumikizira. M'dothi lotere yakuda yofewa ija ndiyo imapirira. Ikwirireni mozama, theka la mita kapena kuposa, muiyalire mchenga kapena dothi losefa. Yoikidwa pamwamba imadulidwa ndi khasu popanga mizere, imaphwanyidwa ndi ngolo, kapena kusungunuka ndi moto wa osaka mbewa m'chilimwe.

12. Pali madzi ena oyenera kudontha, ndi ena oyenera kutsalira

Madzi akatentha amafutukuka. Giza ya pulesha ili ndi kavavu kotulutsira owonjezerawo panja, ndipo lita imodzi kapena awiri pa tsiku si vuto. Amene amatseka kapaipiko ndi pulagi poganiza kuti akonza, akuika banja pangozi: chozimitsira moto chikafa madzi n'kuwira, nthunzi imafuna malo oposa a madziwo ka 1,600, ndipo giza imatha kuphulika n'kusasula denga. Ikamatulutsa madzi osalekeza, sinthani vavuyo, osati kuitseka. Za magetsi a giza ndiye itanani wodziwa.

Chimodzimodzi kapaipi kokhota ka pansi pa sinki. Ena amakawongola poona kuti kakusunga madzi akuda. Madzi otsalirawo ndiwo amatchinga fungo ndi mphemvu zochokera ku dzenje, nzeru imene Alexander Cumming, wokonza mawotchi wa ku Scotland, analembetsa mu 1775. Kakatsekeka, masulani, tsukani, bwezeranipo.

13. Pamene panyowa si pamene padontha

Madzi amayenda m'mphepete mwa paipi, m'mizere ya matope a pakati pa njerwa ndi pansi pa simenti, n'kukatulukira mamita angapo kutali. Munthu amagumula khoma la kuchipinda pamene penti yatupa, chonsecho vuto lili ku bafa, kuseri kwa shawa. Palibe chokhumudwitsa mwini nyumba kuposa kuswa matailosi amene anagula ndi ndalama za fodya wa chaka chathunthu, n'kupeza paipi youma. Ndalama zimenezi zimabwera kamodzi pa chaka, ndipo pofika Januwale zimakhala zitapita ku feteleza ndi kwa aganyu.

Choncho ntchito yofunika kwambiri imachitika pulasitala asanapakidwe. Mukamaliza kulumikiza, tsekani kumapeto konse ndi mapulagi, tsegulani madzi, musiye tsiku lathunthu ndi usiku wake, kuti pulesha ya usiku ija iyese ntchito yanu. Pitani polumikizira paliponse ndi pepala louma la m'chimbudzi, chifukwa limaonetsa chinyezi chimene chala sichimva. M'khoma muchepetse molumikizira momwe mungathere, ndipo mapaipi ayende mowongoka, chokwera kapena chopingasa, osati chodutsa pakona, kuti wodzakhoma msomali wa kalendala adziwe popewa. Bafa, khitchini ndi thanki chilichonse chikhale ndi vavu yakeyake, kuti mpopi umodzi ukavuta nyumba yonse isagone ndi ludzu. Kenako, mmisiri asanaponye matope, jambulani khoma lililonse ndi foni, tepi yoyezera ili pambali, ndipo zithunzizo mutumizirekonso mwana kapena m'bale wina kuti zisatayike foni ikadzasowa.